Nkhomo Yakuda ya Asiyatu

Anzanga, za Asiyatu wa ku Mwadzama simunamve? Chaka chija matipate atangoyamba, mtsikanayu anasintha malamulo a bawo. Pa nkhomo zosewerera anawonjezapo imodzi yakuda n'kuitcha chiwanda, yoti ikagwera m'dzenje izidya zonse zili m'menemo. Koma masewerawo ankangothera panjira, chifukwa chiwandacho chikadya chinkasowa kokhala. Msuweni wake Hamza ankamuseka kuti, “Iwe, kabawo kako kafa!” Ndiye Asiyatu mumamudziwa, safuna kusekedwa.

Tsiku lina kutangoda, amayi ake anamutuma parafini. Akudutsa pansi pa mtengo wa mango pomwe anakumba maenje awo, anamva nkhomo zikulira, kho, kho, kho. Panali bambo wina wachilendo, akusewera yekha.

“Zikomo bambo, bawo limenelo ndi lathu!”

“Ndikudziwa, mwanangu. Vuto lako n'lakuti unaitana mlendo osam'kumbira nyumba. Taona apa.”

Analoza dzenje latsopano pakati pa mizere. Anati chiwanda chikadya chizigona m'menemo mpaka wina achidzutse. Asiyatu anagwada n'kuyesa, ndipo masewera anayenda bwinobwino mpaka kumapeto! Anaomba m'manja, botolo la parafini n'kugubuduka. Eee, mawa Hamza aona!

Anapisa dzanja m'dzenje lija kuti atenge nkhomo yake yakuda. Zala zinalowa, chigongono chinalowa, koma pansi osapakhudza. M'katimo munali mofunda ndi monyowa ngati m'kamwa.

“Pang'onopang'ono, mwanangu,” anatero bambo uja, mawu ake tsopano akuchokera m'dzenjemo. “Wachidzutsa.”