Lamba Woyamba wa a Nachisale

Masiku ano galimoto siilira ngati pali wina amene sanamange lamba. Ngakhale lole ya maliro imangoti zii mpaka aliyense atadzimanga, ndipo kumbuyo kokhala bokosi kulibe mpando.

Tsiku lonyamula thupi la a Kachere kupita nalo kwawo, mkazi wawo, a Nachisale, anakana kukhala kutsogolo.

"Amayi, kwerani kuno," anawadandaulira mwana wawo Tiyanjane. "Mukakhala uko galimoto siyenda."

"Ndiye abambo ako ayende okha ngati thumba la chimanga?"

A Nachisale ndi amuna awowo ndi amene anayamba kusoka malamba kukampani ya Mangani ikadali kashedi ka malata, makina opalasa ndi miyendo ali atatu okha. A Kachere ankadula, a Nachisale ankasoka, masana n'kumagawana chinangwa pansi pa mtengo wa mango. Lero pamalopo pali nyumba zosanjikizana, ndipo malamba amatuluka ambirimbiri osakhudzidwa ndi dzanja la munthu.

Tiyanjane analowa m'nyumba n'kutulutsa m'sutikesi lamba woyamba amene makolo akewo anasoka, wotuwa, ulusi wake wokhotakhota. Dalaivala anamulumikiza kuchitsulo cha pambali pa bokosi akupukusa mutu.

"Galimotoyi siimuzindikira lamba ameneyu, amayi. Ndi wakale kwambiri."

A Nachisale anayala chitenje, anakhala pansi n'kudzimanga. Kachitsulo ka lambayo kanalira kuti kete, injini n'kudzuka.

Anasisita bokosilo pang'onopang'ono.

"Mwamva, abambo ake a Tiyanjane? Sitinkasoka zachinyengo ife. Tiyeni kwanu."