Pokalika pa Wotchi ya Malemu

"Musaikande, a Gershom, ndi ya malemu amuna anga," anatero mayi Mainess, popereka wotchi yagolide kuti aichepetse lamba, azivala okha.

A Gershom, okonza mawotchi ku Chimwemwe, anamata selotepu lamba yense, n'kuchotsa timfundo titatu mosamala ngati agwira dzira. Ataona pokalika pakalekale pafupi ndi chotsekera, anapakwecha mpaka mbee!

"Onani, mayi, apa ndakusalazirani ulele."

Abale inu, mayi aja anayamba kuyendetsa chala palambapo.

"Anaikanda pageti pondibayibitsa," ananong'ona, "tsiku lomwe anapita ku Ndola osabwerako amoyo."

Mpaka lero m'tchalitchi, anzawo akamaimba, chala cha mayi Mainess chimafunafunabe pokalika paja.