Diso la Hilda Tapsell

Madzi a mtsinje wa Thames, amene amadzaza ndi kuphwera tsiku lililonse, anali asanathe kuphwera pamene Hilda Tapsell anafika pa masitepe akale a ku Wapping. Masiku onse ankabwera matope ataonekera bwino, koma Lachiwiri limenelo analawirira ndi ola lathunthu. Sanatsike. Anaima kuseri kwa khoma, ndowa ili m'manja, n'kumadikira.

Kwa zaka khumi ndi ziwiri, Hilda anali wotchuka pakati pa anthu otola zakale m'matope a mtsinjewo. Anzake ankabwerera kunyumba ndi misomali yadzimbiri ndi zidutswa za makaliwo adothi. Iye ankabwerera ndi ndalama zasiliva za mafumu amakedzana, mphete, ngakhale kabelu kamkuwa kamene akadaulo a kunyumba yosungira zakale anakalemba m'buku lawo pamodzi ndi dzina lake. Ankati diso lake n'lakumtundu. Agogo a agogo ake, ali kamtsikana, ankayenda opanda nsapato m'matope omwewo, kutola makala ndi zingwe zoduka kuti apeze buledi wa tsikulo. Loweruka la sabata imeneyo, zinthu zonse za Hilda zinali zoti zikaonetsedwe kwa anthu mu holo ya tchalitchi.

Koma kuyambira mwezi wa Epulo, diso lija linaleka kuona. Malo ake anali amodzi, kuseri kwa mizati isanu yowola ya doko lakale, pamene madzi akamabwerera kunyanja amasiya kamchenga kakuda. Miyezi isanu inatha osapezapo kanthu. Anasinthitsa magalasi. Anagula kafosholo kena. Kenaka m'mawa wina anapeza mapazi a jombo pakati pa mizatiyo, aawisi, oonetsa kuti munthu wangochokapo kumene.

Amene ankawadziwa malowo anali mmodzi yekha: Cyril Ruddock, dalaivala wa basi wopuma pantchito, bwenzi la malemu mwamuna wake. Ndi Cyril amene anamukokera kumtsinje chaka cha maliro, ataona kuti wadzitsekera m'nyumba. Ndi iye amene anamuthandiza kupeza chilolezo chotolera. Ankamwera limodzi tiyi wa m'fulasiki atakhala pamasitepe, majombo ali mbuu ndi matope. Cyril analibe mwayi m'pang'ono pomwe. Zaka zonsezo sanatoleko chinthu choti munthu n'kuchiyang'ana kawiri.

"Inu a Cyril," Hilda ankamuseka, "ngakhale nangula wa sitima atakupunthwitsani, mukhoza kungomupepesa n'kumapitirira."

Cyril ankaseka nawo. Tsopano Hilda anakumbukira kuseka kumeneko, ndipo anaona kuti kunali kuseka kwa munthu wosunga nsanje mumtima.

Sanadikire nthawi yaitali. Cyril anatulukira ndi chipewa chake chaubweya, nayang'ana uku ndi uku, natsika masitepe atagwira khoma. Sanayende mowerama monga amachitira wotola aliyense. Analunjika kumizati isanu ija ngati akupita kukhomo kwake. Atafika anagwada, msana utaloza kumtunda, nayamba kupalasa mchenga ndi chala.

Hilda anatsika osagwira khoma. Miyala inali yoterera, bondo lake lamanzere linkabaya, koma sanalabadire. Cyril anatembenuka atamva kulira kwa ndowa. Anadzuka mwaphuma, dzanja lamanja atalifumbata.

"A Hilda. Mwafulumira lero."

"Tambasula dzanjalo."

Chiyambireni kudziwana kwawo Hilda anali asanamutchulepo kuti iwe. Cyril anayang'ana kumasitepe.

"Tiyeni tikwere kaye, tikamwe tiyi. Ndikufotokozerani bwinobwino."

"Tiyi wako ukamwe wekha. Miyezi isanu ndakhala ndikudziyesa wakhungu. Ndinapita mpaka kwa dokotala wa maso, iwe ukundiperekeza, ukundigwirira chikwama. Pamaliro a mwamuna wanga unanyamula nawo bokosi. Lero ukundibera m'matope?"

"Sizili choncho."

"Ndati tambasula."

Cyril anangoima. Hilda anaponya ndowa pansi, nagwira dzanjalo ndi manja ake onse awiri, nayamba kufunyulula zala chimodzichimodzi. Mkuluyo sanalimbane naye. M'chikhatho munali kandalama kasiliva, kakang'ono ngati chikhadabo, kokhala ndi mutu wa mfumukazi yovala mkanda wa nsalu m'khosi. Kanali ka mtundu umene Hilda anakhala akuulakalaka zaka zambiri, ndipo Cyril ankadziwa zimenezo.

"Zina zili kuti?" anafunsa Hilda. "Wagulitsa zingati? Ndikakunenera kwa opereka zilolezo. Loweruka usadzaponde mu holo muja. Aliyense pamtsinje uno adziwa kuti ndiwe munthu wotani."

Anakatenga kandalamako kuti akapukute ndi chala monga ankachitira nthawi zonse. Panalibe choti apukute. Kanali kouma, kofunda ndi kutentha kwa m'thumba. Pafupi ndi jombo ya Cyril, mphepo inkagubuduza kaenvulopu kakang'ono koyera, kodindidwa dzina la sitolo yogulitsa zinthu zakale.

"Sindimachotsa, a Hilda," anatero Cyril, maso ali kumadzi. "Ndimaika. Mkulu amene ndinkagulako zinthuzi anamwalira mu Epulo. Wina ndamupeza mwezi uno."

Hilda anatsamira mzati. "Zaka khumi ndi ziwiri zonsezi?"

"Misomali munkatola nokha."