Ukonde wa Kangaude ndi Mivi ya Nkhanga

Zithunzi za malemu mkazi wanga zikukana kutseguka mufoni yatsopanoyi, pomwe makalata amene ankanditumizira ku Joni ndimawerengabe. Zandikumbutsa kanthano.

Padangokhala Kangaude ndi Nkhanga. Nyama zinawapempha kuti alembe njira ya kuchitsime. Kangaude analuka ukonde wokongola zedi.

"Tiziwerenga bwanji zimenezi, achimwene?" anafunsa Nkhanga.

"Wodziwa ndine ndekha. Ludzu likakugwirani, muzibwera ndi ntchentche ziwiri."

Nkhanga anangopalasa pansi mivi yolozera kuchitsime, yoti aliyense aone.

Chilala chitafika, Kangaude anali atapita ndi mphepo. Njovu anauyang'anitsitsa ukondewo mpaka anayetsemula, ulusi wonse balala! Nyama zinatsata mivi ya Nkhanga, zinakamwa.

Wina andilembereko nthanoyi, chonde. Koma m'kope.