Mawaya a Nedyalko

Velichka anavundukula poto, fungo la kabichi wowawasa n'kudzaza wodi yonse. Linali tsiku lachitatu chichotsereni chotupa mu ubongo wa mwamuna wake, Nedyalko. Madokotala anati opaleshoni yayenda bwino, koma mwini mutu anadzuka wopanda mawu, dzanja lamanja lili lende, moti ngakhale cholembera sankagwira. Anati mawu abwerera kutupa kukaphwa. Velichka anangovomera ndi pakamwa. Mumtima ankaopa chinthu chimodzi, kuti iye anapereka mwamuna wake, iwo amubwezera wina.

"Nedyo, ndakuphikira kabichi wako uja. Udya?"

Nedyalko anagwedeza mutu, kuweramitsa n'kudzutsa.

Kwathu kuno ku Bulgaria ngakhale khanda limadziwa kuti kugwedeza mutu ndi kukana, kupukusa ndiye kuvomera. Alendo ndi amene amachita mozondoka, ndipo timangowamvera chisoni. Ndiye kuti Nedyalko wakana. Munthu amene kwa zaka makumi atatu ndi zinayi ankapukuta mbale ya kabichi ameneyu ndi buledi, n'kumauza anansi kuti m'Gabrovo monse mulibe dzanja ngati la mkazi wake, lero wakana.

Velichka anayesa funso lina. Anafunsa ngati angamuveke juzi yobiriwira imene anamulukira. Anakana. Nanga mlamu wake Stoil abwere ndi choimbira chake cha akodiyoni adzamusangalatse? Apa ndiye anakana mwamphamvu mpaka bedi linalira.

Mayiyo anakhumudwa, poto ali pamiyendo. Koma munthu sukwatiwa ndi wamagetsi zaka zonsezo osatolapo kanthu. Ankadziwa kuti ukasemphanitsa mawaya, poyatsa pamasanduka pothimitsa. Komanso anali atamva kwa namwino kuti Dokotala Manolova, amene anatsegula mutuwo, anaphunzira ku Germany. Basi, nkhani inali yomweyo. Amulumikiza mwachijeremani. Tsopano kugwedeza kwake ndi inde, kupukusa kwake ndi ayi.

Mtima unakhala pansi. Mwamuna wake analipo ndithu, kungoti anabwera mozondoka, ndipo zimenezo zinali zazing'ono.

Anamuveka juzi ija. Anamumwetsa kabichi masupuni makumi awiri, Nedyalko akugwedeza mutu pa supuni iliyonse, misozi ili chuchuchu. Velichka nayenso analira, poona mmene munthu amasowera chakudya cha kunyumba.

Loweruka masana Stoil anatulukira ndi akodiyoni yake, imene kuyambira kale inkalira ngati chitseko chosowa mafuta. Anaimba kwa ola lathunthu. Nedyalko anagwedeza mutu mpaka bandeji inayamba kumasuka.

"Wamuona mlamu?" anatero Stoil. "Mutu wong'ambidwa koma gule sanaiwale. Ndibwereza yomweyi."

Anabwereza kawiri. Mkulu wa pabedi loyandikana, amene anali asanalankhule chibwerereni, anapempha namwino kuti amukankhire mukhonde, ndipo madokotala analemba kuti nayenso wayamba kuchira.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi kunalibe alendo. Velichka ankamumeta ndevu, dzuwa likulowa pawindo. Anayang'ana chipsera chotuluka pansi pa bandeji, ndi milomo yoyesa kupanga mawu koma osatheka, chisoni n'kumugwira. Panali funso limene anali asanafunsepo chikwatirane, chifukwa anthu a msinkhu wawo safunsana zoterozo. Tsikulo anangolimba mtima.

"Nedyo, usandiseke. Umandikondabe?"

Nedyalko anamuyang'ana m'maso. Kenako anapukusa mutu pang'onopang'ono, kumanzere, kumanja, kumanzerenso, osasiya.

Velichka anaika lumo pansi. Kupukusa. Mwachijeremani, ayi. Anafunsanso kuti mwina sanamve, ndipo yankho linali lomwelo, nthawi ino ndi kamwetulidwe kokhotera mbali imodzi. Kabichi amamufuna, juzi amaifuna, ngakhale Stoil amamufuna, koma mkazi amene wagona pampando sabata yonse ayi.

Zinamupweteka kwambiri. Akanatha kusamala munthu wosalankhula mpaka imfa, kumusambitsa ndi kumuphunzitsanso kugwira supuni, koma osati munthu womukana akumwetulira. Anatuluka panja, n'kuimbira mlongo wa Nedyalko wa ku Sevlievo kuti akonze chipinda, m'bale wakeyo akatuluka akakhale kumeneko. Atabwerera anayamba kulongedza poto ndi matawulo ake, osamuyang'ana.

Dokotala Manolova anamupeza akumanga chikwama. Velichka sanamubisire mawu. Anamuuza kuti ntchito ya mawaya si ya aliyense, kuti amuzondotsera mwamuna, ndipo kuzondokako kwaulula zimene iye akanakonda kufa osazidziwa.

Dokotalayo anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anatola supuni patebulo.

"Bambo Nedyalko, iyi ndi supuni?"

Anapukusa.

"Ndi nsapato?"

Anagwedeza, nkhope ikuonetsa kuti watopa ndi mafunso opusa.

"Mayi, mawaya ali m'malo mwake," anatero dokotala. "Kungoti ena tikawachita opaleshoni chakutsogolo kwa ubongo, amayamba aiwala kaye kunama kwaulemu. Zonse zimene wakuyankhani sabata ino n'zoona, mwachibulgaria."

Chikwama chinagwa pansi. Velichka anayang'ana mwamuna wake wa m'juzi yobiriwira, ndipo anafunsa funso lija kachitatu. Nedyalko anapukusa mutu.