Muyeso wa Mapewa a Lyson

Lyson anamupeza bwenzi lake Esnat pansi pa mitengo ya bulugamu m'mphepete mwa munda wa tiyi, dengu lothyolera lili pambali, foni ili kukhutu. Ankabwereza mawu a Chisipanishi chapansipansi ngati akupemphera.

"Camisa. Corbata. Traje."

Esiteti yonse inali itamva kuti masisitere a kuparishi akumutumiza ku Spain kukaphunzira unamwino. Amayi othyola naye tiyi ankawonjezera kuti adzabwerako atavala velo ya usisitere, za banja ataziiwala.

"Esnat, undiuze zoona," anatero Lyson. "Ukukalowa usisitere?"

Mtsikanayo anachotsa foni kukhutu, osaseka.

"Tatembenukani, a Lyson."

Anatembenuka, maso ali kuphiri la Thyolo, akudikira mawu omusiya. Koma anangomva zala zozizira ndi mame zikuyenda pamsana pake, chikhatho ndi chikhatho, kuchokera phewa ili kukafika linalo.

"Ukutani kodi?"

"Wogulitsa m'sitolo akandifunsa kuti '¿Qué talla?' kutanthauza kuti saizi yanji. Ndikayankha chiyani ine?"

"Saizi ya chiyani?"

"Ya traje."

"Nanga traje n'chiyani?"

"Suti, bambo inu. Mumafuna mudzaime nane kuguwa mutavala jekete lanu la kaunjika lija?"

Lyson anatulutsa mpweya wonse umene anausunga m'chifuwa, mapewa ake n'kugwa.

Esnat anamumenya kambama pamsana.

"Taimani bwino, mwandisokoneza. Ndiyambirenso."