Minibasi ya Elube Yathera Mafuta pa Biwi

"Amayi, ndibayeni msanga!"

Zipora anaponya tsache pansi. Elube, mwana wake wodwala shuga, yemwe m'mawa uliwonse ankalira n'kubisala kuseri kwa bafa pothawa kasingano koyezera magazi, lero anali atamutambasulira chala, foni ili kudzanja linalo.

"Minibasi yanga ya m'gemu yathera mafuta pa Biwi! Siyenda mpaka ndilembe nambala ya shuga. Anzanga akundisiya!"

Zipora anabaya. Kadontho ka magazi kanatuluka, kamakina kanaonetsa nambala. Elube atangoilemba, minibasi inaliza hutala n'kunyamuka.

"Ndawapitirira! Masana mundibayenso, musaiwale!"

Anathamangira panja akuitanira ngati kondakitala. Zipora anatsala chiimire, thonje lili m'manja, akuseka. Lero wotuluka misozi anali iyeyo.